Njinga pa Geti la Hotela

"Njinga siilowa muno, achimwene," anatero mlonda, dzanja lili pachitsulo cha geti.

Godwin anatsika, natulutsa kalata m'thumba. Anali wapampando wa akabaza a ku Kawale, ndipo tsikulo anali atatchena malaya ake a kutchalitchi. M'hotelamo munali msonkhano wa akuluakulu okonza mapulani a misewu, wokambirana zochepetsa magalimoto ndi utsi mumzinda. Iye anapatsidwa mphindi zisanu, nthawi ya 10 koloko, kuti apemphe kanjira ka njinga m'mbali mwa msewu wochoka ku Kawale kupita m'tauni. Pamsewu womwewo mnzake Malizani anathyoka mwendo mwezi wathawo, minibasi itamupanikiza.

"Werengani apa. Andiitana."

"Aitana inuyo, osati njinga. Muno mumalowa magalimoto okha. Kaiimikeni panja."

Panja! Pamsewu poti ukangophethira amakuchotsera ndi belu lomwe? Njingayo ndi imene inkadyetsa ana ake atatu, ndipo loko analibe, poti wakabaza sasiyana ndi njinga yake.

"Chabwino, muziiyang'anira inuyo."

"Ine ntchito yanga n'kutsegula geti. Ikasowa mudzati ndagulitsa ine."

Kumbuyo kunalira hutala. Mlonda anaimika sawasha, geti kwaa! Chinalowa chigalimoto chonga cha nkhondo, m'katimo muli munthu mmodzi. Chinabwera china, munthu mmodzinso. Godwin anaimbira Jacinta, mayi wa kuofesi amene anamubweretsera kalatayo, koma foni inali yozima. Anaimbanso mpaka batire linayamba kudandaula. Teni koloko inamupeza ali chiimire padzuwa, mtima ukuwira.

Cha m'ma 11 anthu atatuluka kukamwa tiyi, Jacinta anamuona ndipo anathamangira kugeti, kapu ili m'manja.

"Aa, a Godwin! Munali pano nthawi yonseyi? Takuitanani katatu konse!"

"Funsani bwana wa getiyu."

Jacinta anayang'ana mlonda, nayang'ana njinga, nkhope n'kugwa.

"Pepani, zavuta. Abambo Gwanda, amene akutsogolera msonkhano, anena kuti wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko. Akuti poti eni ake sanabwere, ndiye kuti sizikuwakhudza. Kanjirako akachotsa m'mapulani a chaka chino."

Godwin anaseka kuseka kopanda chimwemwe.

"Mayi, inu mufune kukamba za njinga, n'kusankha malo oletsa njinga?"

"Timachitira kuno chifukwa poimika magalimoto n'pokwanira," anatero Jacinta, kenaka anadzigwira pakamwa.

Zinamupweteka Godwin. Anzake anali atamutuma, ena mpaka kumupukutira njinga m'mawawo. Akawauza chiyani? Kuti mlandu wawo wathera pageti?

Nthawi yomweyo bambo wina wa suti yotuwa anatuluka akuthamanga, foni kukhutu. Galimoto yake inali itatsekeredwa ndi zina zitatu, ndipo pamsewu mzere wa magalimoto unali ndii, osasuntha.

"Kabaza!" anakuwa bamboyo. "M'tauni, msanga! Akundidikira kumsonkhano wina."

"Amenewa ndiwo Abambo Gwanda," ananong'oneza Jacinta. "Ndikudziwitseni kwa iwo?"

Godwin anapukusa mutu. Anapukuta mpando wakumbuyo ndi chikhatho.

"Kwerani, bwana."

Analowa mumsewu. Phula linali lodyeka m'mbali, kumanzere kuli ngalande yakuya, kumanja magalimoto atathithikana, utsi uli tolotolo. Abambo Gwanda anayamba kutsokomola. Minibasi ina inatuluka pamzere mwadzidzidzi, galasi lake n'kukhudza chigongono cha suti ija.

"Mayo! Tayendetsani bwino, inu!"

Godwin anangopalasa. Potsetsereka mzere unamasuka, ndipo lole ya njerwa inabwera kumbuyo kwawo ikuliza hutala. Matayala ake anadutsa pafupi kwambiri moti mphepo yake inagwedeza njinga. Abambo Gwanda anakumbatira Godwin m'chiuno ngati mwana, chikwama chili lende.

"Pitani kumbali! Mundiphetsa! Pitani kumbali, ndati!"

Godwin anagwira mabuleki, natsitsa phazi m'mphepete mwenimweni mwa ngalande. Anatembenuka, nawayang'ana m'maso.

"Kumbali kwake kuti, bwana? Si mwakuchotsa nokha m'mawa uno?"