Kamera Pasiwa

Loveness anayamba mafilimu ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, nthawi imene ankayala mabedi pa loji ina ku Senga Bay. Macdonald, wojambula mafilimu wa ku Lilongwe, anamupeza akulira kuseri kwa khitchini atakalipiridwa ndi bwana. Sanamutonthoze. Anaima n'kumamuonerera, kenako anamupatsa nambala ya foni.

Zaka khumi ndi zisanu zotsatira Loveness analira m'mafilimu oposa makumi awiri. Anakhalapo mkazi wamasiye wolandidwa nyumba, mkazi wamkulu wapamitala, mayi woferedwa mwana. Mphoto anatenga zinayi. Ku Chipoka, m'zisakasa zoonetsera mafilimu, asodzi akuluakulu ankapukuta m'maso ndi malaya. Koma kumudzi kwawo anatha zaka zitatu osapondako, ntchito itamupanikiza.

Amayi ake anamwalira Lachiwiri. Uthenga unamupeza mochedwa, ndipo chimene ankafuna chinali chimodzi basi: akaone nkhope yawo bokosi lisanakhomedwe. Macdonald anadzipereka kumunyamula pagalimoto yake. Loveness anathokoza ndi mtima wonse, osafunsa za chikwama chakuda chimene chinali pampando wakumbuyo.

Mufilimu yawo yatsopano munkafunika maliro. Ndipo Macdonald chiyambire sankalemba anthu oti adzaze chithunzi. Akafuna ukwati ankapita paukwati weniweni, akafuna msika ankaimika kamera pamsika. Apa bokosi linalipo, kwaya inalipo, anthu mbwee.

Atatsika pamsewu, Loveness anayamba kulira ali patali, monga achitira mwana wamkazi aliyense wofika pamaliro a amayi ake. Azimayi anatuluka m'siwa kudzamugwira. Anatsala pang'ono kufika pakhomo pamene a Margret, amayi ake aang'ono, anacheuka n'kuona Macdonald atakwera pachulu, kamera ili paphewa.

A Margret anasiya dzanja la Loveness ngati agwira chonyansa.

"Tiuzeni, mayi wotchuka, tizilira titayang'ana kuti? Kunoku kapena kuchuluko?"

Loveness anacheuka n'kuiona kamerayo. Analumbira kuti sankadziwa. Anagwada pamchenga, manja kumutu, akuitana amayi ake. Mayi wina anati kameneko ndiko kaliridwe kake kenikeni ka mufilimu ya wamasiye, ngakhale manjawo ankawaika pomwepo. Ena anavomereza. Anali ataionera kangapo, ankaidziwa bwino.

A Dickson, amalume a Loveness, anatuluka pakati pa azibambo n'kupita kuchulu kuja. Anayankhula ndi Macdonald mwaulemu, poti anali mlendo, wovala suti. Macdonald anapepesa, nati iye ankayesa kuti banja lauzidwa kale. Bodza lakelo analinena mofatsa, maso ali pansi. Anabweza kamera m'chikwama, ndipo a Dickson anamupatsa mpando pamthunzi wa mtengo wa mango, pafupi ndi abusa.

Loveness sanapatsidwe mpando. Amalume anagamula kuti mwana amene wagulitsa maliro a amayi ake akhale kunja mpaka mwambo utatha. Palibe anamufunsa mbali yake.

Nthawi yoona nkhope itakwana, anthu anandanda. Analowa akumpingo, analowa anzawo a malemu ogulitsa usipa, analowa ngakhale akabaza amene anangoima poona gulu. Macdonald naye analowa, manja kumbuyo, natuluka akupukusa mutu mwachisoni. Loveness anadzuka kukaima kumapeto kwa mzere. Atafika pakhomo anapeza misana ya azimayi anayi itatseka njira.

"Amayi aang'ono, chonde. Mphindi imodzi yokha. Sindilira, ndingowaona."

"Ukawaonere pa TV, mwanawe. Si bwana wako wawajambula?"

"Ndi amayi anga."

"Zaka zitatu anali amayi a ndani?"

Anayesa kudzipanikiza pakati pawo. Chigongono china chinamubweza, nagwa chagada pafupi ndi thandala loyanikapo nsomba. Wina anaseka, wina anamutsina wosekayo, koma womudzutsa panalibe.

M'nyumbamo hamala inayamba kulira. Loveness anakhala tsonga pamchengapo n'kumamvetsera msomali uliwonse ukulowa. M'maso munali gwa. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anafuna misozi, misozi n'kukana.

Bokosi linatuluka litakutidwa ndi chitenje cha chigwirizano cha amayi akumpingo, linamudutsa pafupi kwambiri moti akanatha kuligwira. A Margret, akutsatira pambuyo pake, anaima pang'ono, namuyang'ana nkhope yowumayo, n'kukodola anzawo.

"Mwaonatu. Makina azima, misozi yaphwa."