A Kukomoka Agwanso

Adokotala amene ankabwera kudzayesa anamwino ndi ophunzira za katsitsimutsidwe ka munthu amene mtima waima anali ndi kachitidwe kawokawo. Ali mkati moyankhula ankangodzigwetsa pansi, kuti aone amene athamange ndi amene aume ngati chitsa. N'chifukwa chake onse ankawatcha a Kukomoka. Lamulo lawo linali limodzi: uwagwedeze, uwaitane, umve mtsempha wapakhosi, koma pachifuwa pawo usayerekeze. Kusindikiza kunali kwa chidole chapulasitiki chogona patebulo. Wophunzira wina ataiwala lamuloli anabwereza chaka.

Namwino wina wa ku wodi ya mabala ankawaopa mayeso amenewa. Anali atalephera kale, ndipo ametroni, akulu a anamwino, anamuuza kuti akalepheranso amuchotsa pa odwala, akapinde nsalu kustolo.

M'mawa umenewo m'chipinda chophunzirira munkanunkha sipiriti. A Kukomoka anafunsa wophunzira wina wamtali kuti manja amaikidwa pati. Iye analoza pamchombo. Anthu anaseka. Adokotala anatsegula pakamwa kuti amunyoze, anagwira m'mphepete mwa tebulo, n'kugwa. Mutu unagunda mwendo wa mpando.

"Ayambapo," anatero wina kumbuyo. "Koma lero agwa mwaluso."

"Pitani asisi, ndi nthawi yanu," ananong'ona wamtali uja. "Ine zanga zada kale."

Namwino anagwada pambali pawo. "Adokotala, mukundimva?" Zii. Anaika zala pakhosi pawo. Palibe. Anasuntha zala. Palibe. Mwina ndi mantha anga, anaganiza choncho, mwina zala zachita dzanzi. Kenako anaona magalasi awo atasweka pansi pa tsaya. Bambo amenewa sankagwa asanavule magalasi.

Namwino anatembenukira kwa ophunzira aja.

"Itanani anthu. Bweretsani makina a mtima."

"Eya, mawu ake ndi omwewo," anatero wakumbuyo uja. "Tsopano kuchidole, asisi. Akukuwerengerani nthawi mumtima."

Palibe anasuntha. Onse ankadikira kuti a Kukomoka adzuke, asase fumbi, ayambe kulalata.

"Iwe wamtaliwe, thamanga. Si sewero ili."

"Asisi, mukawakhudza pachifuwa mwathera kustolo," anatero wamtali uja.

Namwino anayang'ana milomo yawo. Inali ikutuwa. Anang'amba malaya awo, mabatani n'kumwazika pasimenti. Anasanjikiza manja pakati pa chifuwa, nawongola zigongono, n'kutsikira ndi thupi lonse. Chifuwa cha munthu si cha chidole: n'chofunda, chili ndi thukuta, chimakana. Anasindikizabe. Nthiti inalira ngati nkhuni youma.

Apo anayembekeza kuti akuwa, amukankha, amutukwana pamaso pa ana asukulu. Anafunitsitsa atatero. Sanakuwe.

Kuseka kunatha m'chipindamo. Wamtali anatuluka chothamanga, nsapato imodzi n'kutsala pakhomo. Namwino ankawerenga mokweza, mawu akusasa, mikono ikuwotcha, mpaka anzake anafika ndi makina n'kumukokera pambali. Atawawomba ndi magetsi a makinawo pachifuwa, thupi la adokotala linadumpha. Anabwerezanso. Wina anagwira pakhosi pawo kuti amve mtima.

"Ukugunda. Pang'ono, koma ukugunda."

Anawanyamula pamachira n'kutuluka nawo. Namwino anatsala pansi. Patebulo chidole chinali chigonere, kukamwa yasa, osakhudzidwa.

Ametroni anaima pakhomo n'kumuyang'ana.

"Mwawathyola nthiti."

"Ndinamva."

"Akadzuka mukawauza nokha. Dzukani, musambe m'manja. Odwala anu akudikira kuwodi."