Mafunso Atatu a Azakhali a Tose

Kwathu kuzilumba za Goto tinakhala mibadwo isanu ndi iwiri opanda wansembe, tikubatizana tokha mobisa poti boma linaletsa Chikhristu. Makolo anatisiyira mafunso atatu oti tidzamuyesere akadzabwera: kodi amamvera Papa wa ku Roma, amalemekeza Amayi Maria, ndipo ndi wosakwatira?

Tsiku lina mlongo wanga Sakichi anafika ali wefuwefu kuchokera ku Nagasaki. "Azakhali, ndamupeza! Mzungu, nyumba yake ili ndi mtanda!"

Tinakwera bwato ndi azakhali a Tose. Mzunguyo anatilandira bwino, natiwerengera za Yesu. Sakichi misozi ili mbwembwembwe. Kenaka munalowa mayi atanyamula tiyi.

"Awa ndi akazi anga," anatero mzunguyo.

"Nanga Papa?" anafunsa azakhali.

"Ife a ku England tinasiyana naye kalekale."

Azakhali anamwa tiyi yense, nathokoza. Titatuluka anamutsina Sakichi. "Iwe, mtanda ngakhale kalipentala amakhoma. Zaka zonsezi timadikira amene anachoka pakhomo pa Papa?"

Patatha miyezi iwiri tinapeza mzungu wina, wa mkanjo wakuda wazigamba. Azakhali sanakhale n'komwe pansi.

"Akazi anu ali kuti?"

"Ndilibe, mayi."

"Anakutumani ndani?"

"Papa wa ku Roma."

"Nanga Amayi Maria?"

Iye anangotsegula chitseko cha tchalitchi, ndipo tinaona chifanizo chawo, atanyamula Mwana.

Azakhali anagwada, nafuula ngati akuitana kumanda: "Agogo, mwamva? Ife sitinachoke. Ansembe abwerera, atipeza pomwe anatisiya!"