Botolo Losatha la a Howard

A Howard Longwe a ku Kande anakhala mkulu wa mpingo zaka makumi atatu, ndipo mowa sanaulawepo ngakhale wa pachala. Tsono khansa itawagwetsa pamphasa, achipatala n'kuwapatsa mofini, mankhwala amadzi opha ululu, akazi awo a Bessie mtima unali m'mwamba. Anamva pa wailesi kuti mankhwala amtunduwu amadzetsa chibaba. Iwo ankafuna chinthu chimodzi basi: amuna awo akaonekere kwa Mulungu mutu uli bwinobwino, osati ataledzera. Choncho m'malo mwa mlingo wonse, ankangowadonthezera pang'ono.

Lachiwiri lililonse kunkabwera Wezi, namwino wa kafukufuku woona mmene odwala akumudzi amamwera mofini. Funso lake linali lomwelo: "Ada, ululu wafika zala zingati?" Nkhonya inkatanthauza kuti palibe, zala zisanu ululu wosapiririka. A Howard ankakweza chala chimodzi. Nanga mlendo n'kumulandira ndi madandaulo? Wezi ankalemba n'kumapita.

Sabata yachitatu mtsikanayo anapempha botolo, n'kuliyang'ana padzuwa. Linkayenera kukhala litatha, koma mankhwala anali akadali m'khosi. Kenako anaona m'mphepete mwa mphasa, mothothokathothoka chifukwa chofinyidwa ndi manja.

"Ama, botololi likutsutsana ndi chala cha ada," anatero mofatsa.

A Bessie anaulula zonse, misozi ili mbwembwembwe. Ankayembekezera kukalipiridwa, koma Wezi anangokhala nawo pansi.

"Chibabacho chilipodi, simunamve zabodza. Chimagwira kwambiri omwa mosayeza, ofuna kuzunguza bongo. Koma wodwala ngati ada, akamamwa mlingo wake pa nthawi yake, zimachitika mwa apo ndi apo. Masiku oyamba aziwodzera, musaope. Ada, lero ine si mlendo. Zala zingati?"

Dzanja la a Howard linakwera, zala zonse zisanu zili tambalala. A Bessie anagwira pakamwa. Zaka makumi anayi za ukwati, koma bodza la chala chimodzi nawonso linali litawapusitsa.

Kuyambira tsikulo ankayeza mankhwala mpaka pamzere. A Howard anawodzera masiku awiri, lachitatu n'kuitanitsa kondowole ndi usipa, ati phala lawakwana. Anayambanso kukonza anzawo akalakwitsa nyimbo, khalidwe limene a Bessie ankadana nalo kale koma tsopano linkawakomera.

A Howard anakhala ndi moyo masabata ena asanu.

Maliro atatha, a Bessie anakwera minibasi kupita ku Chintheche, kuntchito kwa Wezi, ndi botolo lopanda kanthu komanso ufa wa chinangwa m'kathumba. Anamupeza Wezi akusanja mapepala.

"Yewo ukongwa, zikomo kwambiri, mwana wanga. Ukalembe m'kafukufuku wakoyo kuti sanaledzere. Tsiku lomaliza anapemphera yekha, kutchula ana onse mayina, osaphonya ndi mmodzi yemwe. Atamaliza ndinawafunsa funso lako lija."

"Anakweza zingati, ama?"

A Bessie anakweza dzanja, atakunga nkhonya.