Mabatani a m'Beseni

Amadeu anaphunzira umakaniko ku Zambia pa nthawi ya nkhondo ya kwawo, ndipo pobwerera ku Fíngoè anadza ndi mwambo umene ankaunyadira kuposa ndevu zake: chilichonse chochotsedwa mu injini chizitsukidwa m'beseni limodzi la petulo mpaka mbee.

Lolemba lina mlamu wake Nazário anabweretsa pikapu yofuka utsi. Inayenera kunyamuka Lachitatu kupita ku Chiputo ndi mlongo wake Luciana, mkazi wa Amadeu, chifukwa mayi wa awiriwa anali atasiya kudya. Mitambo inali itayamba kale kuda, ndipo msewu wa ku Chiputo mvula ikagwa sudutsika.

Atavundukula injini, Amadeu anaima kaye. Mu injini zimene anazolowera, kamu, chitsulo chozungulira chija, imakankha timikono, timikonoto n'kumatsegula mavalavu, timakomo tolowetsa mpweya ndi kutulutsa utsi. Kamkono kalikonse kali ndi kabawuti: ukapotokola pang'ono, mpata wakhala bwino, ntchito yatha. Koma umu munalibe timikono. Kamu inkagunda mwachindunji pa timakapu tovindikira mavalavu, ndipo pa kapu iliyonse panali kachitsulo kophwatalala konga batani.

“Kunyado, mlamu wanga, mabatani amenewo musawaphatikize,” anatero Nazário. “Mekaniku wa ku Tete adati lililonse lili ndi nyumba yake.”

“A ku Tete andiphunzitse ine? Amene anapanga motoro uyu anachita ulesi kuikamo mikono, basi.”

Anatola onse khumi ndi asanu ndi limodzi, n'kuwaponya m'beseni khwechere! Anawala ndithu, palibe angatsutse.

Lachiwiri atamanga, injini inakhosomola, inagogoda, n'kuzima. Apa m'pamene anatenga choyezera, napeza kuti mabatani ofanana m'maso aja amasiyana kukhuthala ngati tsitsi ndi tsitsi linzake. Lopyapyala linkasiya mpata, lokhuthala linkaletsa valavu kutsekeka, ndipo kabawuti kopotokola kunalibe. Njira inali imodzi yokha: kumanga, kuyeza, kumasula, kusinthanitsa, kumanganso.

Lachitatu Luciana anakhala pa chikwama chake pakhomo la garaja tsiku lonse akungomuyang'ana. Zimenezo zinamupweteka Amadeu kuposa kutukwanidwa. Anamupezera njinga yamoto, koma mwini wake anayang'ana kumwamba n'kukana. Lachinayi mvula inakhuthuka.

Lachisanu masana batani lomaliza linapeza nyumba yake. Injini inadzuka kamodzi, n'kuyamba kulira mosalala, yopanda utsi, yopanda kugogoda. Amadeu anatembenuka kuti aitane mkazi wake, ndipo anamuona ataima pambuyo pake, maso ali psuu. Pambali pake panali munthu wamatope mpaka m'mawondo, amene anayenda wapansi kuchokera ku Chiputo.

“Ikulira bwino, bambo a Natália,” anatero Luciana motsitsa mawu. “Tsopano izimitseni. Anthu ayamba kufika kudzakhuza maliro.”