Mawu a Mlangizi pa Wailesi

Pikapu ya Hezron inali itadzaza kale pamene Bizwick Makwinja, mlangizi wa zaulimi, anatulukira pa siteji ya Bolero, fumbi lili kobo kumbuyo kwake. Anaimika njinga yamoto mopingasa kutsogolo kwa galimotoyo n'kutsika.

"Alangizi, mukufuna kufera pa bampala yanga?" anakuwa Hezron, mutu uli pawindo. "Galimoto iyi ndinaiyendetsa ndekha kuchokera ku Joni, malire onse aja, osaponda ngakhale nkhuku. Ndiye ndiyambire inu?"

Maso a Bizwick ankafuna munthu mmodzi, ndipo anamupeza kumbuyo, atakhala pa thumba la mtedza, chikwama atachikumbatira pamiyendo. Anali Temwa Luhanga, mtolankhani wa wailesi ya m'deralo.

"Achemwali, tatsikani pang'ono tikambirane."

"Ndachedwa kale, alangizi. Pulogalamu ikufunika kusitudiyo lero."

"N'zimene ndabwerera."

M'mawa wa tsikulo kalabu ya omvera wailesi inakumana kuseri kwa tchalitchi cha kwa apongozi ake a Bizwick. Makalabu amenewa amayenda motere: alimi amakambirana chimene chawatsamwitsa, mtolankhani amajambula mawu, Loweruka chigwa chonse cha Nkhamanga chimamva. Nkhani ya tsikulo inali feteleza wotsika mtengo. Mizere inali itaungidwa, mitambo itayamba kuda chakumadzulo, koma aliyense wopita kudepoti ankabwezedwa ndi mawu amodzi: watha.

Bizwick anangoperekezako apongozi ake pa njinga. Apongoziwo, a Overton Chavula, anali mphunzitsi wopuma, mkulu wa mpingo komanso wapampando wa kalabuyo. Bizwick anakhala kumbuyo, pakamwa atatseka, chifukwa wantchito wa boma salankhula ndi atolankhani popanda chilolezo cha mabwana. Koma a Chavula ataimirira sanazungulire. Anati feteleza anabwera ndithu, kungoti anakwezedwa mu lole ya a Manasseh, mkulu wa bizinesi amene ankafuna uphungu, kuti akagawidwe pamsonkhano ngati mphatso yawo. Wina anakuwa kuti abweretse mboni. Nkhalambayo inatembenuka.

"Mkweni wanga ali apoyo. Anali kudepoti tsiku limenelo. Mkweni, imirirani, muuze anthu zimene munaona."

Kuno mkamwini, amene amamutcha mkweni, akaitanidwa ndi apongozi pagulu sapukusa mutu. Kukana kukanakhala kunena kuti mkuluyo ndi wabodza pamaso pa mpingo wake womwe. Bizwick anaimirira, chojambulira mawu chili pakamwa pake, n'kufotokoza zonse: lole, matumba, ndi anyamata amene ankakweza.

Atafika kunyumba ndi pamene mkazi wake Lois anamutsegula maso.

"Bambo a Akuzike, anthu onse aja alankhula Chitumbuka. Wa Chichewa cha ku Thyolo ndinu nokha. Ngakhale asatchule dzina, ndani sakudziwani? Mwaiwala mnzanu uja anadandaula za mbewu pa wailesi? Mwezi sunathe, anamuponya ku Nsanje. Ine ndikuphunzitsa pano, ana ali pasukulu pano. Mukufuna tizikuonani pa Khirisimasi pokha?"

N'chifukwa chake tsopano anali pa siteji, thukuta lili kamukamu. Mutha kuyenda Mbeya, Lusaka, mpaka Beira, simudzapeza dzuwa lobaya pamutu ngati la Bolero mvula ikatsala pang'ono. Temwa anatsika monyinyirika, awiriwo n'kuima pambali pa tayala.

"Chotsanimo mawu anga," anatero Bizwick chapansipansi. "Ndalakwitsa. Ntchito yanga ikhoza kuthera pamenepa."

"Kuchotsa si vuto. Ndikafika n'kudula, basi."

"Yewo chomene."

"Musathokoze msanga. Ndikadula, mawu a adada Chavula atsala okha. Iwo adzitchula dzina, mudzi ndi mpingo. Popanda mboni, a Manasseh anena kuti nkhalamba yawaipitsira mbiri, ndipo maloya awo ali ku Mzuzu, sachedwa. Apo ayi akonzi anga aopa, ataya pulogalamu yonse."

"Ndiye aitaye!"

"Akaitaya, ndikawauza chiyani alimi aja Loweruka atazungulira wailesi? Afunsa, ndipo ine sindinama. Ndinena kuti mkweni wabweza mawu."

Pamwamba pa katundu munthu wina anatsokomola. Anali Owen, bambo wa chipewa cha chipani, amene ankayendetsa kampeni ya a Manasseh m'midzi ya kumeneko. Nkhani ya kutchalitchi inali itamupeza kale.

"Alangizi, mukunong'ona chiyani kumeneko?" anatero akumwetulira. "Ife timakukondani chomene. Munthu wobwera, takupatsani mkazi, takupatsani munda. Koma ndamva ku Chigwa cha Shire kukusowa alangizi. Akuti kumeneko dzira limapsa lokha m'thumba la malaya."

Ena anaseka, ena anayang'ana kumbali.

"Iwe Owen, khala chete," anatero mayi Mabel, wogulitsa matimati, dengu lili pamiyendo. "Chipewa chimenecho udzathira m'munda? Kwacha yagwa, sopo wakwera, mchere wakwera, inu mukungovina pamisonkhano."

"Amama, chitukuko chikubwera."

"Chikubwera wapansi? Chinanyamuka liti?"

"Ndiye mawailesiwa akuthandizani chiyani?" Owen anakweza mawu. "Amalankhula Loweruka, Lamulungu anthu aiwala. Wovutika ndi amene watsegula pakamwa."

"Pamenepo sunaname," anatero mayi Mabel. "Chaka chatha tinalira za msewu pa wailesi yomweyi. Taonani msewu wake."

Hezron analiza hutala. "Abale, nyumba ya malamulo ili ku Lilongwe! Ine ndaona masitiraka ku Joni, ndaona mavoti ku Zambia, sindinaonepo boma likugwa pa siteji ya pikapu. Alangizi, chotsani njinga!"

Temwa anatulutsa chojambulira mawu m'chikwama. "Ndisapite nazo kutali. Ndikhoza kufufuta pompano, inu mukuona. Nenani."

Anadina kuti apeze malowo. Mawu a a Chavula anatuluka, okalamba koma osanjenjemera, akuitana mkweni wawo. Kenako Bizwick anadzimva yekha. Sanadziwe kuti analankhula momveka chotero. Onse m'pikapumo anatchera khutu. Ngakhale Hezron anazimitsa injini.

Bizwick anayang'ana chala cha Temwa chili pa batani. Anaganiza za Lois ndi ana. Anaganizanso za a Chavula ataimirira okha m'khoti, jekete lawo la kutchalitchi lili pathupi, loya akuwafunsa kuti mboni yanu ija ili kuti. Ndiye iyeyo adzakhale bwanji pa mkeka wa pakhomo paja, adzalandire bwanji madzi osamba m'manja?

"Fufutani, achemwali," anatero Owen mofatsa. "Munthuyu ali ndi banja. Tonse tiiwala."

"Muiwala?" Bizwick anatukula mutu. "Nanga adada Chavula muwaiwalanso?"

Owen anakweza mapewa. "Akuluwo adziputira okha."

Bizwick anapukuta nkhope ndi dzanja.

"Zisiyeni," anatero.

"Mwati bwanji?" anafunsa Temwa.

"Musadule kanthu."

"Ganizani bwino, alangizi. Ikangoulutsidwa sindingaibweze. Dzina lokha ndibise?"

"Mubisa chiyani? Nkhamanga yonse ikudziwa Chichewa changa. Nenani kuti Bizwick Makwinja, mlangizi. Asavutike n'kufufuza, angakagwire wina wosalakwa."

Owen anatulutsa foni n'kuyamba kudina, osabisa n'komwe. Mayi Mabel anasuntha dengu kuti Temwa akhale bwino. Bizwick anakankhira njinga pambali, pikapu n'kudzambatuka kulowera ku boma, Hezron akukuwa kuti amuchedwetsa ndi ndale zosadyetsa.

Fumbi litatsika, Bizwick anaoloka msewu n'kulowa m'golosale ya mayi Isabella, momwe ankagula shuga masiku onse.

"Lero tikupatseni chiyani, alangizi?"

"Makatoni opanda kanthu, mayi. Olimba, okwana mabuku ndi zovala za munthu mmodzi. Akamapezeka muzindisungira."

Mayi Isabella anamuyang'ana nthawi yaitali. Analowa kuseri n'kuyamba kukhuthula katoni ya sopo.