Mainese a Mayi Tekura

Anesi a Matangaro sanapite m'mbali. Anaima pakhomo, chikwama m'khwapa, n'kumuuza Ngatokorua kuti mayi ake akapanda kuika kanthu kukamwa pofika folo koloko, mawa akwera ndege kupita kuchipatala chachikulu ku Rarotonga. Masiku anayi munthu akungonyowetsa milomo ndi madzi a kokonati, ndiye anesiwo akanatani?

Ngatokorua ankaidziwa ndege imeneyo. Nkhalamba za pachilumba cha Mauke zikaikwera chigonere, zimabwerako m'bokosi. Komanso Mayi Tekura anali atamulumbiritsa kuti adzatsikira kuli chete ali m'nyumba mwawo, momwe manda a amuna awo amaonekera pawindo.

Ngatokorua anayesa nsomba, anayesa phala la nthochi, koma mayiwo ankangotembenukira kukhoma. Chinatsala chimodzi basi: mainese, saladi wa mbatatesi wofiirira ndi bitiruti, amene Mayi Tekura anaphikira maukwati ndi maliro a chilumba chonse kwa zaka makumi anayi, osalola munthu aliyense kugwira foloko yawo.

Sitima ya katundu inali isanabwere kwa milungu isanu ndi umodzi. Mbatatesi anazipeza kusitolo zitayamba kale kumera, bitiruti kachitini kamodzi. Mazira ndiye anachita kupempha khomo ndi khomo, nkhuku zitaleka kuikira chifukwa cha kutentha, ndipo anabwera nawo atatu.

Mbatatesi zitapsa, zitadulidwa ndi kuzizira, anatulukira mlongo wake Teokotai, thukuta kamukamu, atanyamula botolo la mayonezi wogula.

"Ingothira uyu, mlongo. Adziwa bwanji munthu sakudzuka n'komwe?"

"Achimwene, ngati mukufuna kuwapha lero lomwe, nenani. Chotsani chinthucho m'nyumba muno."

Teokotai anabweza botolo lake m'thumba n'kukakhala pakhonde, mutu uli m'manja.

Ngatokorua anaswa mazira awiri, n'kupatula zachikasu zake m'mbale. Kuyambira ali mwana ankaona mayi ake akudontheza mafuta pang'onopang'ono, foloko ikuzungulira mbali imodzi. Anayamba bwino ndithu. Koma maso anamuthawira pa wotchi, n'kuona kuti yadutsa kale thu koloko. Pofulumira, dzanja linapendeka, mafuta anakhuthukira m'mbale. Anatakasa mpaka phewa kuwawa, koma dzira linadukaduka, mafuta n'kuyandama pamwamba ngati madzi otsukira mapoto. Mazira awiri anapita padera.

Misozi ikugwera pa tebulo, iye ankangomenyabe mbaleyo, poti kusiya kunali kuvomera ndege.

"Ndani akuzunza foloko yanga?"

Mawuwo anachokera kuchipinda, ofooka koma aukali wake womwe uja. Ngatokorua anathamangirako, mbale ili m'manja.

"Ndine, amayi. Mayonezi wandikana."

Mayi Tekura anatsegula diso limodzi, n'kusuzumira m'mbalemo.

"Wathira mafuta ngati ukuzimitsa moto. Mwana wobereka ndekha, manyazi ake. Dzira lilipo?"

"Latsala limodzi."

"Mbale ina, youma. Khala apa ndizikuona."

Anakhala pansi pafupi ndi bedi, mbale pamiyendo. Anaswa dzira lotsirizalo mosamala. Mayiwo anamulamula kuti zowonongeka zija azidonthezera m'dzira latsopanolo kasupuni kamodzikamodzi, kenako madzi a ndimu. Akafulumira pang'ono, chala chowonda chinkagogoda chitsulo cha bedi. Wotchi inadutsa fili koloko iye akuzunguzabe, mpaka mayonezi analimba, foloko n'kuima yokha.

Anasakaniza mbatatesi ndi bitiruti, zonse zinafiirira bwino. Kenako anatapa supuni yodzaza.

"Idyani, amayi, chonde."

"Ndakuuza kuti sindikufuna chakudya." Nkhope inabwereranso kukhoma.

Ngatokorua anabweza supuni m'mbale. Ntchito yonse ija, mazira onse aja. Anafuna kuiponya mbaleyo pawindo. Koma akuyang'ana msana wa mayi akewo, anakumbukira kuti mchere sanathire ngakhale kambewu kamodzi.

"Chabwino, musadye. Ndikawapatsa a Matangaro, akalawitse anzawo kuti awa ndi mainese a kwa Mayi Tekura."

Mutu unatembenuka msanga.

"Atuluke m'nyumba mwanga ndisanalawe? Bweretsa kuno." Anatafuna, anameza, nkhope n'kuchita tsinya. "Mchere uli kuti? Ukufuna anthu andiseke?"

Ngatokorua anatsina timchere tosakwana n'kudyetsa nyerere, anatakasa, n'kutapanso supuni.

"Nanga pano?"

"Sunamveke."

Anatsinanso pang'ono chomwecho. Teokotai anali ataima pakhomo la chipinda, milomo ikuwerenga masupuni mwakachetechete. Pamene njinga yamoto ya anesi imalira pabwalo, iye anakweza zala zisanu ndi zinayi.

A Matangaro anayang'ana zalazo, anayang'ana mbale, kenako milomo yofiirira ya wodwalayo.

"Ndege ya mawa ipite yokha," anatero. "Koma ina ikubwera Lachisanu, ndipo ndidzafikanso."

Mayi Tekura anatseka maso, atatopa.

"Mwana uyu sadziwa kuphika, anesi. Mawa ayambirenso, ndimuphunzitse."

Ngatokorua anapukuta m'maso ndi nsonga ya diresi, n'kutulukira pakhonde pomwe mlongo wake ankavala nsapato.

"Achimwene, muyambire kumidzi ya kumtunda. Ine ndilowera kugombe. Aliyense ali ndi thadzi, mum'gwadire."